ANA A KU MAKONI NDI MISASA YA MASKAUTI

Masukulu a m'dziko la Zimbabwe amatsekedwa katatu pa caka, mu April, mu August ndi mu December, ndipo nthawi iri yonse akatsekedwa pa Makoni pamakhala piringupiringu wa ana onyamula zikwama. Anansi athu Acishona amakweza ana ao mabasi opita kumudzi, kumene iwo amati kumusha, kuti akathandize agogo kubusa ng'ombe ndi kukolola cimanga. Akabwerako ana aja amakhala atakula msinkhu ndi nzeru zomwe. Adziwa kukoleza moto ndi nkhuni zonyowa, adziwa kusiyanitsa phazi la galu ndi la nkhandwe, ndipo mdima sauopa.

Nanga mwana wa ife amene makolo athu anacokera ku Dedza, ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Tete, apita kuti? Agogo ace anagwira nchito pa farmu ya fodya, kapena m'mgodi, kapena anali kuphika m'nyumba ya Mzungu ku Salisbury, ndipo manda ao ali konkuno. Mudzi wa ku Malawi mwanayo amangoumva dzina. Tsono masabata anai athunthu amathera pa msewu wa pfumbi, pakati pa nyumba zothinana za mzinda umene pa kalembera wa 2022 unapezeka ndi anthu oposa 370,000. Atate ali ku nchito ku Harare, amai ali ku msika, ndipo pa ngodya ya msewu pali anyamata ogulitsa mutoriro ndi mankhwala a cifuwa amene anzao amamwa kuti aledzere. Kholo liri lonse la ku Seke, ku Zengeza kapena ku St Mary's lidziwa nyumba imodzi kapena ziwiri m'mene zimenezi zinalowa.

Ndico cifukwa cace lero tafuna kukamba za Maskauti, makamaka za misasa yao ya kuthengo, imene gulu lolongosoka limamanga nyengo zonse za caka, m'cisanu, m'cilimwe ndi m'dzinja momwe.

CIYAMBI CACE CIRI KWATHU KONKUNO

Ambiri amayesa kuti za Maskauti ndi mwambo wa ku England umene unangobwera ndi sitima. Mbali ina nzoona, koma mbeu yace inatoledwa m'mapiri a Matobo, kumwera kwa Bulawayo. M'caka ca 1896, pamene Amandebele ndi Amashona anaukira ulamuliro wa kampani ya Cecil Rhodes, kunabwera msilikari wa ku England dzina lace Robert Baden-Powell. Nchito yace inali yozonda kumene ankhondo a Cindebele anabisala. Kumeneko anakomana ndi Frederick Russell Burnham wa ku America, katswiri wolonda mapazi, ndipo awiriwa anayenda pamodzi m'matanthwe a Matobo, Burnham namphunzitsa kuwerenga udzu wopindika, kupeza madzi ndi kugona kuthengo popanda kuonedwa. Cipewa ca mlomo waukulu ndi kansaru ka m'khosi, zimene zinasanduka cizindikiro ca Maskauti pa dziko lonse, Baden-Powell anayamba kuzibvala pa nkhondo yomweyo.

Tisabise mau. Munthuyu anabwera kudzamenya eni dziko, ndipo m'caka comweco analamula kuti mfumu Uwini iomberedwe ndi mfuti, mlandu umene anafunsidwa nao ndi akuluakulu ace ngakhale sanamlange. Anatenganso lipenga la nyanga ya ngoma, nyama ija ya nyanga zopotana, limene Amandebele anali kuitanirana nalo. Pa 1 August 1907 anasonkhanitsa anyamata 20 pa cisumbu ca Brownsea, kumwera kwa England, nawagawa m'timagulu tinai, ndipo m'mawa uli wonse anali kuwadzutsa ndi lipenga lomwelo la ku Matabeleland. Umenewu ndiwo unali msasa woyamba wa Maskauti. M'caka cotsatira, 1908, anasindikiza buku lace lochedwa Scouting for Boys, ndipo magulu anayamba kuphuka ngati bowa. Lero Maskauti a pa dziko lonse aposa 50 miliyoni.

Kuno gulu loyamba linalembedwa m'caka ca 1909 ku Bulawayo, koma linali la ana a Azungu. Ku South Africa ndi m'maiko a Rhodesia ana akuda anawapatsa gulu lao lapadera, anyamata nachedwa Pathfinders, atsikana Wayfarers, kuti asasakanizike ndi ana oyera, ngakhale lamulo la Maskauti limaphunzitsa kuti onse ndi abale. Acikulire ena amene anaphunzira pa masukulu a mishoni akumbukira zimenezi. M'caka ca 1936 anatsegula Gordon Park, malo a misasa m'mapiri a Matobo momwemo, ndipo m'caka ca 1959 kunacitika msonkhano waukulu wa Maskauti, Central African Jamboree, pa Ruwa, kum'mawa kwa Salisbury. Owerenga athu adziwa kuti 1959 ndi caka comwe Dr Banda anagwidwa pa 3 March nakatsekeredwa ku Gwelo. Pamene anyamata anali kuyimba mozungulira moto pa Ruwa, Federeshoni imene inawasonkhanitsa inali itayamba kale kung'aluka.

Kwathu ku Malawi zinayenda mwina. Ufulu utabwera, malo a Maskauti anatengedwa ndi a Malawi Young Pioneers, amene anayamba m'caka ca 1963 ndipo anathyoledwa ndi asilikari mu December 1993. Bungwe la Maskauti a ku Malawi linadzukanso m'caka ca 1996, nililandiridwa m'bungwe la dziko lonse m'caka ca 2005, pamene la Zimbabwe linali litalowa kale m'caka ca 1980. Tanena izi cifukwa alipo makolo ena amene akamva za ana obvala yunifomu ndi kuguba amakumbukira Apayoniya, mtima nuwagunda. Skauti sanyamula mfuti kapena khadi la cipani. Anyamula cingwe, mpeni ndi kabokosi ka macesi.

KAGULU KA ANYAMATA ASANU NDI MMODZI

Nzeru yeniyeni ya Maskauti iri m'kagulu kamene amakacha patrol. Anyamata asanu ndi mmodzi, kapena kufikira asanu ndi atatu, amakhala ndi mtsogoleri wao amene ali mnyamata mnzao, ndipo kaguluko kamadzicha dzina la nyama kapena la mbalame. Pa msasa kagulu kali konse kamamanga hema wace, kamaphika pa moto wace, ndipo nsima ikapserera kamadya yopserera yomweyo. Wamkulu, amene kale anali kuchedwa Scoutmaster, amayang'anira ali patali pang'ono. Akaona kuti hema wamangidwa mopendekeka sathamangira kukakonza. Amadikira kuti mphepo ya usiku iphunzitse, pokhapokha ngati pali coopsa.

Ife sitiona cacilendo pamenepa. Makolo athu akale anali kuphunzira motere ku ubusa ndi ku mphala, kumene mnyamata wamkulu anali kulangiza wamng'ono popanda mphunzitsi wa ndodo. Cimene cinasowa m'tauni ndico thengo ndi nthawi. Msasa umabweza zonse ziwiri, ngakhale kwa masiku awiri okha.

Ndipo tikanena za caka conse sitikunena maulendo akutali mwezi ndi mwezi. Gulu la pa Makoni likhoza kukomana Loweruka liri lonse pa bwalo la sukulu kapena la mpingo, kuphunzira mfundo za cingwe ndi cithandizo coyamba, ndipo kamodzi pa mwezi kugona kunja, ngakhale pa munda wa munthu wodziwika m'dera la Mfumu Seke, atapempha cilolezo kwa mwini munda ndi kwa mfumu ya mudzi. Ulendo waukulu ukhale umodzi kapena iwiri pa caka. Mwana amene agona kunja kakhumi pa caka amaphunzira koposa amene apita kamodzi ku Matobo nabwera ndi zithunzi.

MWEZI WA APRIL NDI CISANU COTSATIRA

Woyamba kumene ayambe mu April kapena mu May. Mvula imakhala itatha, mitsinje yaphwera, udzu sunaume kwambiri, ndipo thambo limayera. Ndiyo nyengo yophunzira nyenyezi. Madzulo a miyezi imeneyi nyenyezi zinai zooneka ngati mtanda, zimene Azungu amati Southern Cross, zimakwera pamwamba. Mnyamata atenge mzere wautali wa mtandawo, aupitirize m'maganizo kunka ku phazi lace kanai ndi theka, ndipo pamene wathera atsike molunjika kufikira pansi: kumeneko ndiko kumwera. Amene wadziwa kumwera sasocera usiku. Mtsogoleri wanzeru aonjezepo maina athu, Nthanda, Nsangwe ndi Mlalang'amba, pakuti ana obadwira pansi pa magetsi a m'misewu ambiri sanaonepo Mlalang'amba ndi maso ao.

Malo a pafupi oyenera ulendo wa tsiku limodzi alipo. Ku Epworth kuli miyala yosanjikizana ya Chiremba, ija inajambulidwa pa ndalama za pepala za dziko lino. Kumpoto kwa Harare, ulendo wa makilomita ngati 30, kuli thanthwe la Domboshava ndi phanga lace la zithunzi zimene anthu akale osaka nyama anajambula, ndipo patsogolo pace pali phiri la Ngomakurira. Ana auzidwe asanafike kuti zithunzizo sazikhudza ndi dzanja kapena kulembapo maina ao, ndi kuti malowo eni ace amawayesa opatulika. Wofuna kugona pa malo a Maskauti enieni apite ku Ruwa, pa msewu wa ku Mutare.

Tsono June ndi July. Apa ndi pamene amai ambiri amakana, ndipo sitiwadzudzula. Dera lino liri pamwamba, pafupifupi mamita 1,500 kucokera pa nyanja yamcere, kotero kuti ngakhale masana kukhale dzuwa, mbandakuca kumazizira kufikira udzu wa m'dambo kuyera ndi cisanu. Koma kuzizira kuli ndi malamulo ace, ndipo mwana akawadziwa amagona tulo tabwino. Loyamba ndi lakuti mpweya wozizira ndi wolemera, umatsika usiku nukadikha m'zigwa ndi m'madambo monga acitira madzi. Hema womangidwa m'mphepete mwa dambo cifukwa pali posalala amakhala m'dziwe la cisanu, pamene wina womangidwa pokwera pang'ono, pansi pa mitengo, amakhala wofunda. Laciwiri ndi lakuti cimene cimalanda kutentha kwa thupi ndi nthaka. Mnyamata wosadziwa amaunjika mabulangete onse pamwamba, nagona pa mphasa yokha, m'mawa nadandaula kuti bulangete ndi lopyapyala. Wodziwa amayala udzu wouma, makatoni kapena manyuzipepala akale, nayalapo bulangete limodzi, nafunda linalo. Abvale cipewa ca ubweya, asinthe masokosi a thukuta asanagone, ndipo adye cakudya cotentha madzulo.

Lacitatu tilinene mokweza, pakuti limakhudza moyo. Mbaula ya makala isalowe m'hema, ngakhale makalawo aoneke ngati apsa bwino ndipo satulutsa utsi. Makala oyaka m'malo otsekedwa amatulutsa mpweya wopanda pfungo kapena mtundu, umene umalowa m'mwazi ndi kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amangomva mutu ndi tulo, ndipo sadzukanso. Nyengo ya cisanu iri yonse timamva za mabanja a m'makomboni amene afa motere m'zipinda zao. Moto wa msasa ukhale panja, ndipo amene wazizidwa aike mwala wofunda wokulunga m'nsaru ku mapazi ace.

MPHEPO, MOTO NDI DZUWA

Mu August mphepo imaomba, mitengo ya musasa imaphuka masamba ofiira, ndipo thengo lonse limakhala louma ngati nsatsi. Lamulo la dziko lino la m'caka ca 2007 linaletsa kuyatsa moto kuthengo kuyambira pa 31 July kufikira pa 31 October, ndipo a bungwe loyang'anira za cilengedwe la EMA amalipiritsa olakwa. Gulu lomanga msasa m'miyezi imeneyi liphike pa malo okhawo amene mwini malo walola, lilambule udzu kuzungulira mafuwa, likhale ndi ndowa ya madzi ndi nthambi zaziwisi pafupi, ndipo pocoka lithire madzi kufikira phulusa litazizira loti munthu nkuligwira ndi dzanja. Gulu limene latentha msipu wa ng'ombe za anthu silidzaloledwanso m'mudzi umenewo, ndi ena onse obwera pambuyo pace adzakanizidwa cifukwa ca ilo.

October ndi mwezi wa dzuwa ndi wa mayeso. Ana a Grade 7 ndi a Form 4 asiyidwe awerenge. Otsalawo ayende m'mamawa ndi madzulo, masana akhale pa mthunzi. Asayese kuti dzuwa limagonjetsa osauka okha. Mu August 2023 Maskauti oposa 40,000 anasonkhana ku Saemangeum, m'dziko la South Korea, pa malo opanda mitengo. Mazana anadwala ndi kutentha, zimbudzi zinalephera, a ku Britain ndi a ku America anasamutsa ana ao, ndipo potsiriza msasa wonse unacotsedwa pothawa namondwe. Dziko lolemera linagwa pa zinthu zitatu zimene mtsogoleri wa kagulu amaphunzira caka coyamba: mthunzi, madzi ndi cimbudzi.

DZINJA

Mvula ikayamba mu November ambiri amapinda mahema kufikira April. Ife tiyesa kuti amataya nyengo yophunzitsa koposa zonse, koma ndiyonso nyengo imene mtsogoleri wosasamala angabwere ndi maliro.

Mphezi ya dziko lino si yoseweretsa. Pa 23 December 1975, kum'mawa kwa dziko lino, mphezi imodzi inapha anthu 21 amene anabisala m'nyumba imodzi ya udzu, ndipo bungwe la dziko lonse loona za nyengo linalemba kuti sipanaoneke mphezi ina imene inapha anthu ocuruka cotere powagunda mwacindunji. Matanthwe onga Domboshava, amene ali okoma mu May, amasanduka msampha mu December. Wokwera phiri m'dzinja anyamuke m'mamawa ndipo atsike dzuwa lisanapendeke, pakuti mitambo ya mabingu imakonda kusonkhana masana. Ana aphunzire kuwerenga kucokera pamene aona kung'anima kufikira pamene amva kugunda: masekondi atatu ndiwo kilomita imodzi. Kukakhala pafupi acoke pamwamba pa thanthwe, acoke pansi pa mtengo woima paokha, atuluke m'madzi, ndipo asaunjikane pamodzi. Hema saletsa mphezi. Nyumba ya njerwa kapena galimoto yotseka ndiyo pothawira.

Mitsinje nayo isayesedwe. Manyame ndi Nyatsime, imene yazinga mzinda wathu, imaoneka yofatsa m'cilimwe, koma mvula yogwa kumtunda imadzaza mtsinje ngakhale pamene muli inu pasanagwe dontho. Madzi othamanga ofika m'maondo amagwetsa munthu wamkulu. Skauti wopeza mtsinje wodzala amakhala pansi nadikira, ngakhale afike kwao mawa. Ndipo msasa usamangidwe pa mcenga wa mtsinje wouma.

Koma taonani zimene dzinja limapereka. Kukoleza moto mvula iri kugwa ndi luso limene mnyamata amanyadira moyo wace wonse: kufuna tinthambi touma timene tikali pa mtengo, osati ta pansi, kusenda khungwa lonyowa, ndi kusunga macesi m'kabotolo kotseka. Kuli masuku kuthengo, amene anzathu amati mazhanje, kuli inswa zoturuka pa culu madzulo, ndipo pa matope mapazi a nyama amaoneka bwino ngati zolembedwa. Za bowa lamulo likhale limodzi: mwana asadye bowa amene wazula yekha. Ulipo bowa wakupha wofanana ndi wabwino, umene umaononga ciwindi patapita masiku, munthu atayesa kuti wacira. Njoka nazo zimayenda nyengo imeneyi, makamaka mphiri, imene sithawa munthu koma imangogona pa njira. Ana abvale nsapato, akutumule zofunda asanagone, ndipo wina akalumidwa asamceke, asayamwe bala, asamange cingwe colimba. Amgoneke cete, amnyamule, ndi kufulumira naye ku cipatala.

MADZI

Pa nkhani iyi ana a ku Chitungwiza ali ndi cidziwitso cowawa kuposa Maskauti a maiko ambiri. Mzinda wathu unapangidwa m'caka ca 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndipo madzi ace a m'mipope wakhala ukudalira Harare. Mu August 2008 nthenda ya kolera inabuka muno, nifalikira dziko lonse, ndipo pofika pakati pa 2009 inali itagwira anthu oposa 98,000 ndi kupha oposa 4,000. Inabweranso m'caka ca 2023. Cotero zimene Skauti amaphunzira pa msasa ndi zomwe zimapulumutsa banja kunyumba: kuwiritsa madzi akumwa, kukumba cimbudzi kumunsi kwa msasa, mamita osacepera 30 kucokera pa madzi, kukwirira ndi dothi kuti nchenche zisatere, ndi kupacika kacigubu ka mpondagiya kuti ali yense asambe m'manja ndi sopo kapena phulusa asanagwire cakudya. Aphunzirenso madzi a mcere ndi shuga monga amaphunzitsira m'zipatala za kuno: botolo la 750 ml la madzi owiritsa, masupuni ang'ono asanu ndi limodzi a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri wodziwa zimenezi akhoza kusunga moyo wa mng'ono wace wotsegula m'mimba kufikira atafika ku cipatala.

Ena adzafunsa za Lake Chivero, nyanja imene inapangidwa m'caka ca 1952 potseka mtsinje wa Manyame, ndipo kale inali kuchedwa McIlwaine. Kuona nyama ndi mbalame kumeneko nkwabwino. Kusambira iai. Muli ng'ona, muli likodzo, ndipo zonyansa za Harare ndi za Chitungwiza zimathera momwemo, kotero kuti mu December 2024 zipembere zinai zinafa zitamwa madzi ace. Tikumbukirenso tsiku la Khrisimasi la 2011, pamene bwato lodzaza mopitirira muyeso linagubuduzika pa nyanjayi, ana 11 namira. Mtsogoleri amene akweza ana m'bwato popanda zobvala zoyandamitsa munthu, ameneyo acotsedwe pa udindo tsiku lomwelo.

KODI MWANA TIMPEREKA M'MANJA MWA YANI?

Funso ili makolo alifunse popanda manyazi. Yunifomu siyeretsa mtima wa munthu. Ku America bungwe la Boy Scouts linagwa m'ngongole m'caka ca 2020 cifukwa ca milandu ya atsogoleri amene anaononga ana, ndipo anthu oposa 80,000 anabwera kudzadandaula, ambiri a iwo ali acikulire amene anakhala cete zaka makumi. Zinatheka cifukwa makolo anakhulupirira cipewa ndi mabaji, ndipo akuluakulu anabisa mbiri yoipa kuti dzina la bungwe lisade.

Tsono bambo kapena mai asanasaine kalata yolola mwana, afunse ngati gululo linalembedwa ku Scout Association of Zimbabwe, ndi ngati mtsogoleriyo anaphunzitsidwa nchitoyo. Afunse maina a akulu amene adzagona ku msasa, ndipo asakhale mmodzi yekha. Wamkulu asagone m'hema limodzi ndi ana. Pakakhala atsikana pakhale amai. Adziwe malo enieni, cipatala capafupi, ndi foni yoti nkuimba usiku. Mtsogoleri woona amakondwera ndi mafunso otere. Amene akwiya nao wakuuzani kale zimene munafuna kudziwa. Ndipo coposa zonse, abambo ena apite nao. Timadandaula kuti ana athu alowerera, koma Loweruka likafika ambiri a ife tiri pa bawa pa Makoni pomwepo, pamene gulu la ana makumi atatu likusowa munthu wamkulu waciwiri.

ZA NDALAMA NDI MAPEPALA

Munthu wolandira malipiro a pa mwezi adzati zonsezi nza ana a mabwana. Zikhoza kutero ngati gulu liyamba ndi kugula. Hema wa m'sitolo ndi wokwera mtengo, koma pulasitiki yakuda yocindikala, cingwe ndi mitengo iwiri zimakwanira anyamata atatu, ndipo matumba a feteleza osokedwa pamodzi amachinga mphepo. Poto wa kunyumba aphika nsima kuthengo monga aphikira pa sitovu. Mwana ali yense abwere ndi ufa wa masiku awiri, kagulu kasonkherane matemba, nyemba, mafuta, mcere ndi masamba a tiyi. Yunifomu yathunthu idikire. Kansaru ka m'khosi kokha nkokwanira poyamba, ndipo kali ndi nchito, pakuti kamamanga bala, kamakoleka mkono wothyoka ndi kusefa zinyalala m'madzi asanawiritsidwe. Cimene cimadya ndalama ndi ulendo, ndipo ndico cifukwa tanena kuti misasa yambiri ikhale ya pafupi, yofikako ndi miyendo kapena ndi kombi imodzi. Ulendo wa ku Gordon Park, umene upitirira makilomita 450, kapena wa ku mapiri a Chimanimani kumene kuli sukulu ya Outward Bound, ukhale mphotho ya anyamata okhwima amene asunga ndalama caka cathunthu.

Pali cinthu cina cimene cimagwira ana athu okha. Lamulo la unzika litasinthidwa m'caka ca 2001, anthu ambiri obadwira muno amene makolo ao anacokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique anapezeka olembedwa kuti ndi alendo. Malamulo akulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi, nanena kuti wobadwira m'Zimbabwe, amene kholo lace linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye anali kukhala muno pamene malamulowo anayamba kugwira nchito, ndi nzika mwa kubadwa. Koma lamulo silidziyendera lokha ku ofesi. Alipobe makolo amene sanasinthe zitupa zao, ndipo cifukwa ca ico ana ao alibe kalata ya kubadwa. Mwana wotere akhoza kukhala woyamba m'gulu lonse pa mfundo ndi pa nyenyezi, koma tsiku limene anzace adzasankhidwa kupita ku msonkhano wa Maskauti ku Zambia kapena ku Malawi, iye adzatsala pa Makoni cifukwa alibe pasipoti. Mtsogoleri polemba maina a ana atsopano afunsiretu za kalatayi, ndipo amene alibe, makolo ao aperekezedwe ku ofesi ya kalembera mwezi womwewo, msasa wa April usanafike.